Kodi Tithire Phala m'Botolo la Mwana?

Tiwerenge nkhani

Unali mwezi wa Januwale. Mvula inali kugwa tsiku ndi tsiku, udzu unali utakula m'minda, ndipo aliyense anali kulawirira ndi khasu. Pa nyumba ina panali mayi wachitsikana amene anali ndi mwana wake woyamba, wa miyezi 3. Masana mayiyo anali kupalira chimanga, mwana ali kumsana. Usiku anafuna kupuma, koma mwana anali kudzuka katatu kapena kanayi, kulira, kufuna bere.

Tsiku lina m'mawa amayi ake anamuitana pakhonde.

"Mwana wanga, usiku wonse ndamva mdzukulu wanga akulira. Mwanayu sakhuta. Mkaka wako wachepa."

"Nanga ndichite bwanji, amayi?"

"Umpatse phala. Iwe ndinakuyambitsa phala usanakwane miyezi 2. Kodi sunakule?"

Bambo a mwana atamva zimenezi anapita kumsika nagula botolo la pulasitiki lokhala ndi kamphira pakamwa. Madzulo mayi anaphika phala la ufa woyera, nalisungunula ndi madzi, nalithira m'botolo. Phala linakana kutuluka chifukwa bowo la kamphira linali laling'ono. Tsono bambo anaotcha singano pamoto nakulitsa bowolo.

Mwana anayamwa. Anatsokomola, phala lina linatulukira m'mphuno, misozi inalengeza. Anamusisita pamsana ndipo anatonthola. Usiku umenewo anagona nthawi yaitali, ndipo onse anati mankhwala apezeka.

Patapita masiku 4 mwana anayamba kutsegula m'mimba. Tsiku lotsatira maso analowa, liwombo linalowa, ndipo bere anali kuligwira mofooka. Anamubereka nayenda naye ulendo wa maola 3 kupita kuchipatala. Namwino atamuona anafunsa kuti:

"Mayi, kupatula bere, mwanayu mukumupatsa chiyani? Nanga mukumupatsira m'chiyani?"

Mwanayo anachira. Koma anagona kuchipatala masiku 5, ndipo kumunda udzu unadya chimanga. Ana ena safika kuchipatala nthawi ili bwino.

Funso lathu

Pa nkhani iyi palibe munthu woipa. Agogo anamva chisoni ndi mdzukulu wawo. Bambo anatulutsa ndalama chifukwa chokonda mwana wake. Mayi anali atatopa, ndipo aliyense wa ife amene analerapo khanda m'dzinja adziwa kutopa kumeneko. Ambiri a ife tinachitapo zomwezi, kapena tinalangizapo ana athu zomwezi. Sitinasonkhane kuti tiloze wina chala. Tasonkhana kuti tifunse: kodi kuthira phala m'botolo la mwana ndi kwabwino?

Yankho ndi lakuti ayi. Si kwabwino kwa mwana wa mwezi umodzi, si kwabwino kwa wa miyezi 3, ndipo si kwabwino ngakhale kwa wa miyezi 8 amene anayamba kale kudya. Phala la chimanga, la mapira, la mpunga, kapena la ufa wa m'paketi wogula m'sitolo, malo ake ndi m'mbale. Lilowa m'kamwa mwa mwana ndi supuni, mwanayo atakwana miyezi 6. Asanakwane miyezi 6, chakudya chake ndi chakumwa chake ndi bere lokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linavomereza malangizo amenewa mu 2001, ndipo ndi omwewo amene anamwino athu aphunzitsa kusikelo.

Koma munthu wamkulu salandira lamulo popanda chifukwa. Tiyeni tione zifukwa zake.

Njira ziwiri za pakhosi

Aliyense agwire pakhosi pake ameze malovu. Tamva kanthu kakukwera ndi kutsika. Pakhosi pathu pali njira ziwiri. Ya kutsogolo ndi njira ya mpweya, ipita ku mapapo. Ya kumbuyo ndi njira ya chakudya, ipita m'mimba. Pamene timeza, njira ya mpweya itsekeka kanthawi kochepa kuti chakudya chisalowemo. Tikameza mothamanga, kapena tikameza tikuseka, kachakudya kalowa njira yolakwika ndipo titsamwa. Tonse tidziwa kuwawa kwake.

Khanda lidziwa kuyamwa, kumeza ndi kupuma mosinthanasinthana. Koma lidziwa kutero ndi mkaka wa m'bere, umene ubwera monga mmene mwanayo aukokera. Akatopa aleka kukoka, apuma, ayambanso. Botolo lokulitsidwa bowo silidikira. Tikalitembenuza tiona phala likudontha lokha, mwana afune asafune. Mwanayo wagona chagada, kamphira kali m'kamwa. Sangathe kunena kuti dikirani. Sangathe kukankha botolo. Phala lidzaza m'kamwa, ndipo lina litsikira ku njira ya mpweya.

Nthawi zina zimenezi zioneka, monga zinachitira m'nkhani yathu. Nthawi zina sizioneka konse. Kaphala kochepa kalowa m'mapapo mwakachetechete, ndipo patapita masiku mwana atentha thupi, apuma mofulumira, pansi pa nthiti palowa m'kati pamene akoka mpweya. Chimenecho ndi chibayo, ndipo chifuna chipatala tsiku lomwelo.

Choopsa koposa ndi kusiya mwana yekha ndi botolo lotsamiritsa pa nsalu, ife tapita kukasinja kapena kukatunga madzi. Mwana wotsamwa kwenikweni salira. Tikhoza kukhala pakhomo pomwepo osamva kanthu. Tikapeza mwana watsamwa, sakutha kulira kapena kupuma, timugoneke chafufumimba pa mkono wathu, mutu uli chakunsi, timumenye ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu. Zikakanika timutembenuze, tikanikize pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri kasanu, ndipo tibwereze. Tipemphe namwino atisonyeze machitidwe ake ndi manja, chifukwa zimenezi sizimveka bwino pa pepala.

Botolo silitsukika

Tikaphika phala m'mawa n'kulisiya mumphika tsiku lonse, madzulo tilipeza litasasa. Chimene chilisasitsa ndi tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Tizilombo tiswana msanga m'chakudya chofunda ndi chonyowa, ndipo tina mwa ito ndi timene titsegulitsa m'mimba. Kumalo otentha monga ku Tete ndi ku Moatize tiswana msanga koposa, koma ngakhale kumapiri ozizira a Angónia maola ochepa akwana.

Tsono tiyang'ane botolo. Khosi lake ndi lopapatiza, dzanja sililowa. Kamphira kali ndi makona m'kati, ndipo pamene chivindikiro chimangira pali timizere. Phala likakamira m'menemo. Kutsukuluza ndi madzi sikulichotsa. Kuti botolo liyere, lifuna sopo, kaburashi, madzi abwino, ndi kuliwiritsa pamoto mwana asanamweremo. Tiwerenge nkhuni zake. Tiwerenge madzi ake ngati mjigo uli kutali. Ndi mayi uti amene angathe zonsezi kasanu pa tsiku m'nyengo yopalira?

Ndiponso botolo liyenda. Lipita kumunda m'thumba, likhala padzuwa, ligwa m'dothi, ntchentche zitera pa kamphira. Mkulu wake wa mwana alitola, alipukuta pa malaya, alibwezera m'kamwa. Phala lophika m'mawa mwana alimaliza masana litafunda tsiku lonse. Mayi akhoza kukhala waukhondo kwambiri, wosesa pabwalo ndi wotsuka mbale zake bwino, koma botolo limugonjetsa.

Kapu ndi supuni sizili choncho. Chala chifika ponseponse, maso aona ngati mwatsala kanthu, ndipo tikazitsuka ndi sopo n'kuziyanika pathandala ziuma msanga.

Mkaka wa m'mawere ndiye suima panjira. Uchoka mwa mayi ulowa mwa mwana, ntchentche siuona. Ndipo uli ndi zoteteza zimene thupi la mayi lipanga polimbana ndi matenda a pamudzi pomwepo. Mwana akayamwa, zotetezazo zikuta matumbo ake. Palibe phala, palibe mkaka wa m'chitini, umene uli ndi zimenezi.

Ngati mwana wayamba kale kutsegula m'mimba, tisaleke kumuyamwitsa. Timuyamwitse kawirikawiri kuposa masiku onse, ndipo tipite naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Kumeneko apereka mapaketi a mchere ndi shuga osungunula m'madzi, pamodzi ndi mapiritsi a zinki. Tinenepo za liwombo. Kwathu kuno liwombo likalowa ambiri tithamangira mankhwala opaka pamutu. Koma liwombo lilowa chifukwa madzi atha m'thupi. Madzi akabwerera m'thupi, liwombo libwerera lokha.

Mimba yadzaza, mwana sanadye

Apa ndi pamene ambiri tinyengedwa. Tiona mimba ya mwana itatukuka, tinena kuti wakhuta.

Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Ngakhale ya mwana wa miyezi 8 ilandira mamililita pafupifupi 200 okha pa nthawi imodzi, osadzaza ndi kapu yaikulu yomwera tiyi. Ya mwana wa miyezi 3 ndi yochepera pamenepo. Kuti phala lidutse pa kamphira tiyenera kulithira madzi ambiri. Ndiye chimene chadzaza kamimbako ndi madzi ndi kaufa pang'ono. Mkaka wa m'mawere uoneka wopyapyala, nthawi zina ngati madzi otsukira mpunga, koma uli ndi mafuta, zomanga thupi, shuga wakewake ndi mavitamini. Kapu ya phala lamadzimadzi ili ndi mphamvu yochepa kuposa kapu ya mkaka wa m'mawere. Kotero tikadzaza mimba ya khanda ndi phala, tachotsa chakudya champhamvu, taikapo chopanda mphamvu. Zili ngati kudzaza nkhokwe ndi makoko. Wodutsa panjira anena kuti pano anakolola.

Pali chinanso. Ambiri tidziwa chitsime chofukula mumchenga m'nyengo ya chilimwe. Ukatunga madzi, ena abwera. Ukachisiya masiku osatungamo, chikwiririka. Bere nalo lili choncho. Mwana akayamwa kwambiri, mkaka uchuluka. Akayamwa pang'ono, mkaka uchepa. Mwana amene wamwa phala sayamwa monga kale chifukwa mimba yadzaza. Ena akazolowera kamphira kotulutsa msanga ayamba kunyansidwa ndi bere. Mkaka wa mayi uchepa, mwana alira, tiwonjezera phala, mkaka uchepanso. Patapita masabata ochepa, mawu aja akuti mkaka wachepa asanduka oona, pamene poyamba sanali oona.

Mwana wotere sadwala tsiku limodzi. Angoleka kukwera pa sikelo, mwezi uno, mwezi wamawa, ndipo msinkhu wake utsalira. Kafukufuku wa za umoyo wa m'zaka za 2022 ndi 2023 anapeza kuti m'dziko la Mozambique ana 37 mwa ana 100 osakwana zaka 5 anali opinimbira. Zifukwa zake ndi zambiri: njala, malungo, madzi oipa, umphawi. Zina mwa izo sitingazithe ndi manja athu lero. Koma kuyambitsa phala msanga, ndi kupereka phala lamadzimadzi, zili m'manja mwathu.

Kumatauni vutoli nthawi zina litembenuka. Kumeneko ena athira ufa wa m'paketi mumkaka wa m'chitini. Mwana amwa monga mmene amwera masiku onse, osadziwa kuti mkakawo walemera, ndipo alandira zoposa zimene thupi lifuna. Anenepa mopitirira, anthu ayamikira, koma kunenepa kotero si thanzi. Kutsamwa ndi uve wa botolo zikhalapo chimodzimodzi.

Koma usiku uja anagona

Wina anena kuti: "Zonsezi tamva. Koma mwana uja atamwa phala anagona." Ndi zoona, anagona. Koma amene tinalerapo tidziwa kuti khanda ligona bwino usiku wina, livuta usiku wina, ngakhale osasintha kanthu.

Madokotala a ku Cleveland, ku America, anafuna kudziwa zoona zake. Anatenga makanda 106 nawagawa pawiri. Gulu lina linayamba kumwa phala la m'botolo madzulo lili ndi masabata 5. Gulu lina linadikira mpaka miyezi 4. Makolo anali kulemba maola amene ana awo anagona. Zotsatira zake zinatuluka mu 1989: sanapeze kusiyana kwenikweni. Ana a phala sanagone kuposa anzawo.

Kudzuka usiku si matenda. Mkaka wa m'mawere ugayika msanga, mimba ndi yaing'ono, kotero khanda liyamwa ka 8 kapena kuposa pa usana ndi usiku. Ndipo pali masiku ena, makamaka cha pa masabata 6 ndi cha pa miyezi 3, pamene mwana afuna bere nthawi ndi nthawi ngati sakhuta. Ndi masiku amene akukula mofulumira. Poyamwa kawirikawiri akuitana mkaka wochuluka, ndipo patapita masiku ochepa mkakawo ufika, zinthu zikhazikika. Masiku amenewa ndi amene mabotolo ambiri agulidwa.

Nanga tidziwa bwanji kuti mkaka ukukwana? Osati ndi kulira, pakuti mwana alira chifukwa cha zambiri: thewera lanyowa, kwatentha, mphepo ili m'mimba, afuna kunyamulidwa. Osatinso ndi kufewa kwa mawere, pakuti patapita miyezi mawere afewa ngakhale mkaka ulipo wambiri. Tidziwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mwana akodza ka 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo woyera. Chachiwiri, mzere wa pa khadi lake la kusikelo ukwera mwezi ndi mwezi. Ngati zimenezi sizikuoneka, tipite kwa namwino aone mmene mwana agwirira bere. Kawirikawiri vuto lili pamenepo. Mwana ayenera kuyasama kwambiri ndi kutenga mbali yaikulu ya pakuda pa bere, osati nsonga yokha. Ndipo amalize bere limodzi asanapite ku lina, chifukwa mkaka wamafuta, wokhutitsa, ubwera kumapeto.

Madzi akumwa nawo safunika miyezi 6 isanakwane, ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene dzuwa liswa mtengo. Mwa magawo 100 a mkaka wa m'mawere, oposa 80 ndi madzi. Amene ayenera kumwa madzi ambiri ndi mayi.

Chimene mayi wa m'nkhani yathu anasowa sichinali botolo. Anasowa tulo ndi chakudya. Ndalama imene bambo anagulira botolo ikadagula usipa. Agogo akadatenga mdzukulu masana atayamwa, mwana wawo agoneko ola limodzi. Ndipo mizere ingapo ya kumunda ikadapaliridwa ndi wina. Ife abambo amene tili m'kalasi muno, mawu awa ndi athu.

Kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Kusakaniza bere ndi phala m'miyezi yoyamba kuwonjezera mpata woti kachilombo kalowe mwa mwana. Mayi wotere amwe mankhwala ake a ARV tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ayamwitse bere lokha miyezi 6, ndipo atsate zimene achipatala amuuza.

Miyezi 6 yakwana

Tsopano phala lifunika, ndipo tisachedwe nalo. Pa msinkhu umenewu bere lokha silikwananso, makamaka pa ayironi, mchere wopanga magazi, umene mwana anabadwa nawo ndipo tsopano ukutha. Mwanayo akhala tsonga tikamuchirikiza, khosi lalimba, ayang'ana mbale yathu, atsegula pakamwa akaona supuni.

Timukhazike pamiyendo ali tsonga. Tisambe m'manja ndi sopo. Tiyambe ndi masupuni aakulu 2 kapena 3, kawiri pa tsiku, atayamwa kale. Masiku oyamba alavula ndi lilime, apaka kumaso. Si kukana, akuphunzira. Kudya ndi supuni ndi sukulu, monga mmene ife tinavutikira kugwira pensulo masiku oyamba. Mwana womwa phala m'botolo saphunzira sukulu imeneyi. Ndiponso ndi supuni mwana atha kutiuza kuti wakhuta: atseka pakamwa, atembenuza mutu. Pamenepo tileke.

Phala likhale lolimba. Tiliyese motere: titunge ndi supuni, tipendeketse supuniyo. Likatsika ngati madzi, ndi lopyapyala. Likakhala pa supuni ndi kugwa mochedwa, ndi labwino. Phala lotere silingadutse pa kamphira ka botolo, ndipo chimenecho chokha chitiuza kuti phala labwino ndi botolo sizigwirizana.

Ufa wokha sukwana. Mgaiwa uposa ufa woyera, koma nawonso ufuna anzake. Tithiremo chimodzi kapena ziwiri mwa zimene tili nazo: nsinjiro, nyemba zophika ndi kuzipota, ufa wa soya wokazinga, dzira lopsa bwino, supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, masamba a nkhwani, bonongwe kapena chisoso ophika ndi kuwasinja. A kunyanja, ku Metangula ndi midzi ya m'mbali mwake, ali ndi usipa. A ku Cahora Bassa ali ndi kapenta. Tinsomba timeneti tikatikazinga pang'ono ndi kutisinja bwino mpaka tikhale ufa wosalala, ndi chakudya champhamvu kwambiri kwa mwana. Dzungu, mbatata yofiira m'kati, nthochi, papaya, mango ndi mapeyala tingazipote ndi kumupatsa pazokha. Mtedza wosinja nsinjiro tiusankhe, wachuku ndi wofota titaye, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene sachoka pophika. Shuga ndi mchere sizifunika. Uchi tisamupatse asanakwane chaka.

Kuyambira miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, tikuwonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, ndi kachipatso pakati. Akhale ndi mbale yakeyake kuti tione zimene wadya. Phala tiphike la nthawi yomweyo. Bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposa.

Ufa wa ana wogula m'sitolo, monga Cerelac, nawonso ndi wa mbale ndi supuni. Ife amene tsopano tidziwa kuwerenga, titembenuze paketi tiwerenge: palembedwa msinkhu woyambira, miyezi 6. Koma phala la pakhomo la mgaiwa, nsinjiro ndi usipa silichepera, ndipo silitha ndalama.

Pamene bere palibe

Pali mayi amene ayenera kuchoka tsiku lonse, kupita kumsika kapena kuchigayo chakutali. Iye atha kufinyira mkaka wake m'kapu yoyera, kuvindikira, ndi kuika pamalo pozizira m'nyumba. Mkakawo ukhala bwino maola 4. Wotsala ndi mwana amumwetse ndi kapu. Ngakhale khanda la masiku ochepa litha kumwa ndi kapu. Tiligwire lili tsonga, tiike mlomo wa kapu pa mlomo wake wapansi, tipendeketse mpaka mkaka ukhudze milomo, ndipo mwanayo amwe yekha. Tisathire m'kamwa.

Pali mwana amene mayi ake anamwalira kapena akudwala kwambiri. Banja lisaganize lokha, lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Akalangiza mkaka wa m'chitini, tiwiritse madzi, tiyeze ufa wa mkakawo monga chitini chinena, osachepetsa kuti uchedwe kutha, osawonjezeramo ufa wa chimanga kuti alimbe. Wotsala m'kapu titaye.

Palinso mwana amene abweza mkaka akangoyamwa. Ambiri a makanda atero pang'ono, ndipo ngati akukwera pa sikelo palibe choopsa. Timunyamule paphewa ageye, akhale tsonga kanthawi. Alipo ana ochepa amene abweza kwambiri mpaka kuonda, ndipo kwa otere dokotala nthawi zina alamula kuti mkaka ulimbitsidwe. Amenewo ndi mankhwala, ali ndi muyeso wake, ndipo alamula ndi dokotala amene wamuona mwanayo. Tisatengere kwa mnansi.

Tilembe

Tigawe mawu awa: bo-to-lo, pha-la, be-re, su-pu-ni, ku-tsa-mwa, li-wo-mbo.

Tilembe m'makope mwathu ziganizo izi, tidzaze mawu osowa:

Mwana wosakwana miyezi ...... ayamwe bere lokha.

Phala la mwana tipereke ndi ......

Liwombo lilowa chifukwa ...... atha m'thupi.

Tiwerengere

Mwana anabadwa pa 10 Malichi. Ayambe phala mwezi uti?

Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali phee, akupuma mofulumira. Mayi wina anawerenga kupuma kwa mwana wake wa miyezi 5 kwa theka la mphindi napeza 29. Pa mphindi yathunthu ndi kangati? Mayiyo achite chiyani?

Ana 37 mwa 100 anali opinimbira. Pa mlingo womwewo, mwa ana 300 ndi angati?

Tikambirane

M'mudzi mwathu ana ayamba phala ali ndi miyezi ingati? Alamula ndani kuti ayambe?

Tikadakhala mayi wa m'nkhani ija, tikadawayankha bwanji amayi athu popanda kuwanyoza?

Ndi ntchito ziti za pakhomo zimene bambo angatenge m'miyezi 6 yoyamba?

Mwa zakudya zothira m'phala zimene tawerenga, ndi ziti zipezeka kwathu m'mwezi wa Januwale? Nanga m'mwezi wa Juni?

Ntchito ya kunyumba

Aliyense aphike phala la mgaiwa lothira nsinjiro, aliyese pa supuni monga tawerengera. Amene tili ndi mwana kapena mdzukulu wosakwana zaka 2, tibwere ndi khadi lake la kusikelo pa phunziro lotsatira. Tidzaphunzira kuwerenga mzere wa kulemera kwake.